Katundu wa Amalume

Tsiku loyamba kupita ndi mlongo wanga kwa anamwino aja, amayi ananyamula botolo. Analitsuka ndi mchenga mpaka linachita mbee, nalitseka ndi chitsononkho. Anali atamva kuti ku Metangula kwabwera mayi wochiza ana osuta chamba, ndipo m'mutu mwawo kuchiza kunali kwa mtundu umodzi basi: upita, akuthirira mankhwala, wodwala azikamwa m'mawa ndi madzulo. Ine ndinali pambuyo pawo ndi mimba yanga yaikulu, abambo pambuyo panga, ndipo mlongo wangayo ankabwera kutali, akukoka mapazi ngati mbuzi yopita kumsika.

Kwathu ndi ku Msumba. Abambo anali msodzi, munthu wa tchalitchi, wosalankhulalankhula. Amayi anachokera kumtunda, ku Maniamba, ndipo abambo anachita kuwapempha kwa abale awo kuti adzakhale nawo kunyanja. Ana amoyo tinatsala awiri, ine woyamba ndi mnyamatayu mzime. Nkhondo isanafike kwathu, amalume, mlongo wawo wa amayi, anatumiza mawu kuti mwanayo akwere ku Maniamba akawathandize kulima chimanga. Panalibe zokambirana. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi malume. Iwo akaitana, bambo amangothandiza kumanga kamtolo ka zovala. Anapita mawu ake asanayambe n'kukhuthala komwe.

Kenako a m'thengo anatsika m'mapiri. Tinathawa pa bwato la abambo kupita ku Metangula, poti kumeneko kunali asilikali a pamadzi, ndipo tinamanga kamsasa m'bairo, mudzi wa m'tauni momwe munadzaza anthu ochokera konsekonse. Mwamuna wanga anamutenga kupita ku usilikali titangofika, n'kumabwera mwa apo ndi apo. Uthenga wa amalume unatipeza komweko: mwana wagwidwa kumunda m'mawa, palibe amene anaona. Amayi analira maliro opanda mtembo. Dzinja linadutsa, lina linabwera n'kudutsanso, ndipo tinali titayamba kumutchula pamodzi ndi akufa.

Tsiku lina masana mayi wina wa ku Maniamba anamuzindikira pamsika, namugwira dzanja kubwera naye kwathu. Anali atatalika, atatheratu ngati ndodo. Chimene ndinaona poyamba pomumeta chinali pakati pa mutu: tsitsi silinkameranso pamenepo, ndipo khungu linali lolimba ngati chidendene. Sitinamufunse kanthu. Anamusambitsa mankhwala pakhomo asanalowe m'nyumba, ansembe anamupempherera, ndipo akuluakulu anati za kuthengo zitsale kuthengo, kuzitchula n'kuziitana. Ife tinamvera, tinatseka pakamwa.

Koma iye anabwera ndi fodya wamkulu, amene ku Metangula ankangoti suruma. Kuseri kwa msika kunali chombo chakufa chimene anachikokera kumtunda, ndipo pamthunzi wake pankakhala anyamata, ena amasiye, ena othawa kuthengo ngati iye, akupatsirana ndudu ya pepala la simenti. Mlongo wanga ankadzuka n'kulunjika kumeneko. Akabwera, maso ali psuu, ankaseka yekha, kapena kudya chinangwa chonse chimene amayi anaviika kuti tidye sabata yathunthu, chosauma n'komwe. Suruma akasowa, ankamwa kachasu. Zonse zikasowa, ankanjenjemera, kutuluka thukuta, n'kuyamba kufunafuna chogulitsa. Poto wa amayi anapita. Nkhafi ya abambo inapita. Chitenje changa chaukwati ndinachiona pathupi la mkazi wa msilikali, ndipo ndinamupatsa moni bwinobwino mtima ukuwira. Ine pakamwa panga sipachedwa, ndiye ndinamutukwana mlongo wangayo mpaka bairo yonse inadziwa mayina a zinthu zathu zotayika. Iye ankangondiyang'ana ngati ndikuyimba nyimbo ya chilendo.

Chimene chinatiopsa si poto. Tsiku lina injini ya boti la asilikali itatsokomola, iye anadziponya m'ngalande, ndipo podzuka anayamba kutukwana msilikali amene ankamuseka. Asilikali anamumenya ndi thako la mfuti, nabwera naye kwathu akumukoka. Mkulu wawo anauza abambo kuti akudziwa kumene mwanayu anachokera, ndipo akadzachitanso sadzamubweza. Masiku amenewo mawu otere sanali oopseza chabe. Tinadziwa kuti akapanda kusiya fodyayo, tidzalira maliro opanda mtembo kachiwiri.

Ndiye chifukwa chake tinali panjira ndi botolo lija.

Anamwinowo anali mayi wamfupi wa kummwera kwenikweni kwa dziko, wosadziwa Chinyanja kupatula moni. Anabwera pa kolona, mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali uja wochokera ku Lichinga, ndipo anali oti adzabwerera pa kolona ina mvula isanatseke msewu. Ankakumana ndi mabanja pakhonde la sitolo yakale yopanda zitseko. Womasulira ndinali ine. Chipwitikizi changa chinali cha kalasi yachinayi, chong'ambika ngati ukonde wa abambo, komabe nsomba zazikulu chinkagwira.

Amayi anagwada, napereka botolo ndi manja awiri. Anamwino analitembenuza, nalinunkhiza, nandiyang'ana.

"Akuti muwathirire mankhwala," ndinatero.

Iwo anaseka pang'ono, osati monyoza, nanena kuti mankhwala a m'botolo alibe. Anati nthawi yawo ndi yochepa, masabata owerengeka, ndipo sachiza mwana yekha koma nyumba yonse. Tizibwera tonse, tizikhala pansi, tizilankhula.

"Kulankhula?" amayi anandifunsa. "Achoka ku Lichinga konse kuja, kudutsa m'mabomba, kudzacheza? Ngati ni kulankhula, iwe suja walankhula mpaka mawu kusasa? Mlongo wako wachira?"

Izi sindinamasulire zonse. Koma tinabwereranso, chifukwa kwina kopita kunalibe, ndipo amayi ankanyamulabe botolo lawo kuti mwina tsiku lina mayiyo adzachita manyazi.

Ndinene zoona, mayi uja ntchito yake ankaidziwa. Sanamufunse mlongo wanga za kuthengo. Anamufunsa kuti chibaba chimamugwira nthawi yanji, ndipo chimayambira pati. Iye analoza pakhosi ndi pamutu. Anamwino anatipatsa malamulo ochepa. Ine ndisiye kumutchula wamisala ndi wakuba, lamulo limene linandiwawa kuposa onse. Asamadye yekha kuseri, azidya nafe. Chibaba chikabwera anene, ndipo amene ali pafupi amupatse chogwira m'manja. Lamulo lalikulu linali la abambo: azimutenga kunyanja m'mawa, ndipo tsiku lililonse amuuze mawu, ngakhale ochepa, monga bambo kwa mwana wake.

Kumutenga anamutengadi. Ankakhala awiriwo pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde, ndipo zala za mnyamatayo zinakumbukira ntchito mwamsanga. Panapita masiku angapo osapita kuchombo chakufa kuja. Tsiku lina anabwera ndi utaka m'kabeseni nati, "Achemwali, wotchani, ndagwira ine." Ndinalowa m'nyumba kukalira kuti asandione. Koma mawu aja abambo sanawanene. Ankasoka mbali iyi, mwana mbali iyo, kukumana pakati, n'kupinda ukonde, osatsegula pakamwa. Ndipo sabata isanathe tinamupezanso pansi pa chombo, maso ali psuu.

Anamwino anawafunsa abambo chifukwa chake. Abambo anayang'ana zala za kumapazi kwawo.

"Uwauze kuti ine ndinangobereka," anandiuza. "Mwana uyu ali ni mwini wake. Kumudyetsa ndimudyetsa, kumuphunzitsa ukonde ndimuphunzitsa. Koma kumukhazika pansi pa mlandu waukulu ngati uwu, ni ntchito ya amalume ake. Ndikayamba ine, akuchikazi adzati ndadzikweza."

Amayi anavomereza ndi mutu mwamphamvu. "Ni zimene ndakhala ndikunena. Tikungotaya nthawi. Aitanidwe achimwene."

Ndinamasulira, ndipo liwu la Chipwitikizi la malume, loti tiyu, linatuluka lopepuka ngati gaga. Kwa iwo tiyu ndi munthu aliyense wamwamuna wobwera paukwati kudzadya mpunga. Anamwino anapukusa mutu. "Tiyu ayi. Bambo." Ndinayesa kuwafotokozera kuti kwathu malume ndiye amamanga ukwati, ndiye amayankha mlandu, ndiye amaloza pokumba manda. Anamvetsera, nafunsa funso limene linandikwiyitsa chifukwa linali loona: ngati munthuyo ndi wamkulu chotero, bwanji sanabwere kudzaona mwana chibwerereni kuthengo? Pa nthawiyo amalume anali atathawira ku Nkholongue, kwawo kwa akazi awo, ulendo woti bwato limapita n'kubwerera dzuwa lisanapendeke. Amayi anayankha msanga kuti mlongo wawo miyendo inatupa, ndiponso mwera wavuta chaka chino. Ife tinakhulupirira chifukwa tinkafuna kukhulupirira.

Panali chinthu china chimene tonse tinachiona. Amalume akangotchulidwa, mlongo wanga ankadzuka n'kutuluka pakhonde, kukaima padzuwa atatifulatira. Amayi ankandigwira mkono mokondwa. "Waona? Amawaopa. Dzina lokha wanyamuka. Nanga akadzabwera eni ake?" Nanenso ndinkaona chimodzimodzi. Mwana wolera bwino sakhala pansi akuluakulu akamatchula malume ake pa nkhani ya manyazi. Tinati ulemu ukadalimo mwa iye, fodya sanaudye wonse, ndipo tinagwira pamenepo ngati pa chingwe.

Anamwino sanakhutire. Anandiuza kuti ndimufunse iye mwini, pamaso pawo, ngati akufuna kuti amalume abwere. Ndinamufunsa. Anayang'ana kumbali, nakanda pamutu pake paja.

"Abwere," anatero.

Mawu anamveka kuti kolona yanyamuka ku Lichinga, ndipo ikafika igona kamodzi n'kubwerera. Unatsala msonkhano umodzi. Anamwino anagonja, abambo anabwereka nkhafi, napalasa kupita ku Nkholongue.

Amalume anafika m'mawa wa tsikulo atavala jekete lakuda la ku tchalitchi, ngakhale kunali kotentha koti nkhuku zinali yasa kukamwa. Miyendo yawo ndinaiyang'ana bwinobwino, ndipo inalibe chotupa chilichonse. Amayi anasesa pakhonde la sitolo paja ngati ndi pawo, nabwereka mpando wa ndalema kwa aneba kuti akhalepo amalume. Anamwino anakhala pa benchi, ine pambali pawo, abambo pansi chakumapeto. Mlongo wanga anabwera yekha, osachita kukokedwa, atasamba, ndipo sanali atasuta. Anakhala nafe pa benchi. Ndinati lero ndi lero.

Amalume anayamba monga amayambira akuluakulu, kutali. Anathokoza boma, anathokoza anamwino, anathokoza alamu awo posunga mbumba pa nthawi yovuta. Kenako anatembenukira kwa mnyamatayo, koma maso awo anali pa chipilala cha khonde.

"Iwe, mbiri yako yafika mpaka ku Nkholongue. Fodya wamkulu ni wa anthu otayika. Ukuwachititsa manyazi amako, ukundichititsa manyazi ine. Mwana wa mlongo wanga ni mwana wanga, magazi anga enieni, ndiye ine ndikuti kuyambira lero..."

Mlongo wanga anatsika pa benchi, nagwada bwinobwino, naomba m'manja mwaulemu monga tinaphunzitsidwira. Amayi anamwetulira. Amalume anasiya kulankhula.

"Amalume," anatero, mawu ali pansipansi, "katundu uja ndinakafikitsa."

Palibe amene anamvetsa kupatula munthu mmodzi. Amalume anachotsa maso pa chipilala paja.

"Thumba la chimanga lija munandisenzetsa," anapitiriza. "Ndinakafikitsa. Atalandira anandipatsa lina. Ndiye ndimati ndikuuzeni, poti simunandifunse."

Amayi anati, "Iwe, ukunena chiyani? Suja anakugwira kumunda?"

Sanawayang'ane amayi. Analankhula ali chigwadire, ngati akupereka lipoti la ulendo umene anatumidwa. Sanamugwire kumunda. A m'thengo anafika pakhomo dzuwa lili pamutu, natenga chimanga m'nkhokwe, nanena kuti nyumba iliyonse ipereke munthu mmodzi wonyamula. Pabwalo panali anyamata awiri, iye ndi mwana wa amalume wobereka okha, amene anali wamkulu, wa mapewa. Wamfuti analoza wamkuluyo. Amalume anagwada nati, uyo si wanga, ali ndi eni ake kwawo kwa amake, sindingapereke mwana wa eni. Wanga ndi uyu. Ndipo anamuthandiza okha kukweza thumba pamutu.

Ndinadikira kuti amalume akane. Ndinkafuna akane, atukwane, anene kuti ndi fodya akulankhula. Sanakane.

"Nanga ndikanatani?" anatero, akutembenukira kwa amayi. "Mlongo wanga, tandiuza. Ndikanapereka uja, akuchikazi ndikanawayankha chiyani? Akanati wagulitsa mwana wathu. Munthu umapereka chako. Inali nkhondo. Pasiyensiya, tingopirira."

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti pakhonde paja panalibe wa ife amene akanati amalume anama. Mwa mwambo wathu ananena zoona. Mwana anali wawo. Mwambo umene tinapalasira bwato kukautenga kuti udzamuchize ndi womwewo umene unamukweza thumba pamutu. Amayi akanamukalipira bwanji mlongo wawo, mwini mbumba, amene adzaloze manda awo? Anangogwira botolo lija pamiyendo ndi manja onse awiri.

Anamwino ankandikoka chitenje. "Akuti chiyani? Akuti chiyani?" Ndinamasulira mmene ndikanathera. Ndinati anamupereka chifukwa ndi wake. Iwo anaganiza kuti ndalakwitsa Chipwitikizi, nandikonza: chifukwa si wake. Ndinati ayi, chifukwa ndi wake. Anandiyang'ana, nayang'ana amalume, nayang'ana mnyamata wogwadayo, ndipo ndinaona nkhope yawo ikugwa. Anati tikanawauza kale. Ndinati ifenso tamva lero.

Anayesabe, mayi uja. Anatsika pa benchi nakhala pansi pafupi ndi mlongo wanga, nandiuza kuti ndimufunse chimene akufuna tsopano, kwa amalume kapena kwa wina aliyense. Iye anaganiza.

"Suruma woyamba anandipatsa panjira pomwepo, tisanafike n'kumtsinje," anatero. "Ndinkagwa. Wina anati suta, thumba lipepuka. Linapepukadi." Anakhudza pamutu pake. "Inu mukuti ndisiye. Chabwino. Nanga ndikasiya, anditula ndani?"

Kwathu munthu akamabwera ndi katundu pamutu, wa pakhomo amathamanga kukamulandira asanafike n'pabwalo pomwe. Ngakhale mwana wamng'ono amadziwa zimenezi. Funso lake linali lomveka kwa aliyense.

Amene anadzuka anali abambo. Munthu amene masabata onse aja sanapeze liwu limodzi anayenda kudutsa kutsogolo kwa alamu awo osawerama, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita, naima pamaso pa mwana wawo.

"Mwanangu," anatero. "Dzuka. Tiye kunyanja."

Anali mawu onse amene anali nawo. Mawuwo akanabwera sabata yoyamba, kaya. Mlongo wanga anawayang'ana mwachifundo, ngati iye ndiye wamkulu.

"Ababa, inu suja munati munangobereka?"

Anadzuka, nasasa fumbi m'maondo, naweramira anamwino, natsika pakhonde. Tonse tinaona kumene analowera. Abambo anatsala chiimire, manja ali lende.

Masana amenewo amalume anadya kwathu, poti mlendo sabwerera ndi njala, makamaka mwini mbumba. Amayi anagwada powapatsa madzi osamba m'manja, nawaikira mutu wa kampango. Ine ndinakana kutuluka m'nyumba. Amayi analowa nandinong'oneza kuti chibale ndi fupa, sichiola, ndipo ndinawayankha mawu amene sindingawalembe pano. Sanandimenye. Anakhala pansi pafupi nane, nalira mosatulutsa mawu kuti alendo panja asamve. Pobwerera ku Nkholongue, abambo anati nkhafi yobwereka eni ake aitenga, ndipo amalume anayenda wapansi.

Kolona inanyamuka m'mawa mwake. Ndinapita kukatsanzikana ndi anamwino pamene magalimoto ankafola. Anali atakhala pamwamba pa matumba, kachikwama kali pamiyendo. Anandiuza kuti pamene tinafika dzulo ndi pamene ntchito imayambira, osati pothera, ndipo akanakhala ndi mwezi wina umodzi, mwina. Anandiuza kuti tisasiye kudya naye, ndipo abambo asasiye kumuitana kunyanja ngakhale akane. Ndinafunsa ngati kudzabwere wina m'malo mwawo. Anati adzapempha. Sikunabwere munthu, ndipo za iwo sindinamvenso, kaya anafika ku Lichinga kaya ayi. Botolo lija amayi anayamba kusungiramo mchere.

Tinachita zimene anatiuza. Abambo ankapita kuchombo chakufa m'mawa uliwonse, kukaima chapatali ndi ukonde paphewa, anyamata aja akuwaseka. Masiku ena ankabwera naye, masiku ambiri ankabwera okha. Mbale yake tinkaiika pamodzi ndi zathu, ndipo kawirikawiri inkagona yovundikira. Ine ndinasiyiratu kumutukwana, osati chifukwa cha lamulo la anamwino, koma chifukwa mawu anandithera. Ndinkangomvetsera injini ya boti la asilikali, ndipo ikatsokomola ndinkasiya chilichonse n'kuthamanga ndi mimba yanga kukaona kumene ali.

Mvula yoyamba itagwa ndinabereka mwana wamwamuna. Titatuluka m'chikuta, amayi a m'bairo anabwera kudzamunyamula, abambo anamunyamula, ngakhale mkazi wa msilikali wa chitenje changa uja anamunyamula. Anatsala munthu mmodzi, amene mwa mwambo wathu ndiye anayenera kukhala woyamba. Ndinaganiza kuti mwina apa ndi pamene pali mankhwala amene sanapezeke m'botolo. Munthu akapatsidwa mbumba amakula. Ndinaona anyamata ambiri opulupudza akusintha tsiku limene anaitanidwa kuti malume.

Ndinamukulunga mwanayo m'nsalu, ndinapita naye kuseri kwa msika dzuwa lisanatenthe. Anyamata aja atandiona anabisa ndudu kumbuyo. Mlongo wanga anali atatsamira chombo, ndipo maso ake tsiku limenelo anali oyera. Anadzuka, nabwera, nasuzumira m'nsalu. Anamwetulira, kumwetulira kwake kwakale kwa ku Msumba, nati mphuno ndi ya abambo.

Chibadwire chake ndinali ndisanamutchulepo kuti inu. Tsiku limenelo ndinagwada pamchenga, pamaso pa anyamata onse aja, ndinatambasula manja.

"Amalume," ndinatero, "landirani mwana wanu."

Kumwetulira kuja kunazima. Anabwerera m'mbuyo phazi limodzi, nabisa manja onse awiri kumsana.

"Ayi, achemwali. Musandipatse."

"Landirani. Ni wanu."

"N'chifukwa chake," anatero. "Akhale wa bambo ake. Akhale wa eni. Akakhala wanga, tsiku lina adzabwera anthu pakhomo."

Ndinakhala chigwadire mpaka manja anayamba kulema, mwana akulira. Iye sanasunthe, ndipo manja sanawatulutse. Ndinadzuka ndekha, ndinamubereka mwanayo kumsana, ndinabwerera naye kunyumba.